Tifunseni za Malonda: Ndalama za m'dirowa zikamasemphana ndi zimene makina akunena

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa amalonda a m'maboma a Dedza ndi Ntcheu amene anasiya kusunga ndalama m'katoni kapena m'kachikwama ka m'chiuno n'kugula makina a POS, makina a pakauntala olembera malonda ndi kusindikiza malisiti, ndipo pafupifupi onse akudandaula chinthu chimodzi: ikakwana nthawi yotseka, ndalama za m'dirowa ndi nambala imene makina akuonetsa sizikumana. Tasankhapo makalata asanu, ndipo maina a olemba sitinawatchule popeza nkhani ya ndalama imadanitsa anthu msanga.

FUNSO: Alangizi, ndili ndi sitolo yogulitsa mbewu, mankhwala a m'munda ndi feteleza pa Ntcheu boma. Chaka chatha ndinagula makina a POS, ndiko kuti kompyuta, chosindikizira malisiti ndi dirowa ya ndalama, poganiza kuti mavuto a ndalama atha. Koma madzulo alionse ndalama sizigwirizana ndi zimene makina akuonetsa. Lero zashota, mawa zapitirira. Amene amagulitsa ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo sindifuna kumuganizira zoipa. Kodi ndalamazi ziyenera kuwerengedwa bwanji, nanga ndizilemba chiyani? (Bambo wa pa Ntcheu boma)

YANKHO: Bambo, poyamba tigwirizane pa chinthu chimodzi chimene ambiri ogula makinawa sachimvetsa bwino: makina a POS saona ndalama imene ili m'dirowa. Amangodziwa zimene wogulitsa wawauza, monga katundu amene watuluka, mtengo wake, ndiponso ngati kasitomala walipira ndi kashi, pa foni, kapena ndi khadi la ku banki. Kuchokera pamenepo amawonkhetsa ndalama zimene ziyenera kukhala m'dirowa. Koma zimene zilimodi amazidziwa ndi munthu amene waziwerenga ndi zala zake, ndipo ntchito yonse ya madzulo ndi kuika nambala ziwirizi pamodzi moona mtima, popanda kukakamiza ina kuti ifanane ndi inzake.

Konzani kaye za m'mawa. Fuloti, ndalama za chenji zoyambira tsiku zija, izikhala yofanana tsiku lililonse, mwachitsanzo K50,000, ndipo zambiri mwa izo zikhale za K100, K200, K500 ndi K1,000. Mwana wa mlongo wanuyo aziiwerenga yekha inu muli pomwepo asanagulitse kanthu, aziilowetsa m'makina, kenako azisainira m'buku. Fuloti ikamasinthasintha chifukwa choti mumangosiya zimene zatsala dzulo lake, madzulo mudzakangana pa nambala imene palibe aliyense wa inu akuikumbukira bwino.

Madzulo tsekani chitseko kaye, muonetsetse kuti malonda onse a tsikulo alowa m'makina, kenako ndalama ziwerengedwe wowerengayo asanaone nambala ya makina. Mfundo imeneyi ndiiumirira kwambiri. Munthu amene wadziwiratu nambala imene ikufunika amaleka kuwerenga akangoifika. Akaona kuti zashota pang'ono amaponyamo za m'thumba mwake poopa kukalipiridwa, ndipo akaona kuti zapitirira amayesedwa kuika zotsalazo pambali. M'njira zonsezi vuto lenileni limakwiririka, n'kudzaonekera litakula. Makina ambiri ali ndi njira yobisira wogulitsa nambalayi kufikira atalowetsa zimene wawerenga, ndipo mungafunse amene anakuikirani makinawo kuti akutsegulireni njirayo. Ngati anu alibe, musasindikize lipoti lililonse kufikira kuwerenga kutatha.

Ndalamazo ziyalidwe patebulo powala bwino, mtundu uliwonse paokha, nkhope zonse zitayang'ana kumodzi. Apa pali msampha umene muyenera kuusamala. K500 ndi K2,000 zonse zili ndi nkhope ya John Chilembwe, ndipo K1,000 ndi K5,000 zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu Banda. K2,000 inatuluka mu 2016 ndipo K5,000 inayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo ngakhale maonekedwe ake ndi osiyana, ndalama imene yadutsa m'manja ambiri, yamangidwapo pansonga ya chitenje ndi kunyowa ndi mvula ya m'dzinja, imada n'kufewa moti pa kuwala kwa tochi ya foni munthu wotopa angathe kuiika pa mulu wolakwika. K2,000 imodzi ikasochera pa mulu wa ma K500, kuwerenga kwanu kudzaperewera ndi K1,500, ndipo K5,000 ikasochera pa ma K1,000 kudzaperewera ndi K4,000. Nazo ndalama zatsopano zongochokera ku banki zimamatirirana ziwiriziwiri, choncho muzizipekesa ndi chala imodziimodzi.

Polemba, musalembe nambala imodzi yokha ya ndalama zonse. Lembani kuchuluka kwa mapepala a mtundu uliwonse, kenako mtengo wake pambali. Tiyerekeze kuti tsiku lina mwapeza ma K5,000 okwana 48, ndiye K240,000. Ma K2,000 okwana 41, ndiye K82,000. Ma K1,000 okwana 33, ndiye K33,000. Ma K500 okwana 19, ndiye K9,500. Ma K200 okwana 14, ndiye K2,800. Ma K100 okwana 21, ndiye K2,100. Ma K50 okwana 6, ndiye K300. Ndiponso ma K20 okwana 5, ndiye K100. Zonse pamodzi ndi K369,800. Ubwino wolemba chonchi ndi wakuti inu mukamawerenga kachiwiri, ndipo muyenera kutero wogulitsayo akuona, mukasiyana naye mudzadziwa mulu umene mwasiyanirana, osati kuyambiranso dirowa yonse.

Mukamaliza zimenezi ndi pamene mungaone zimene makina akunena. Tipitirize ndi chitsanzo chomwechi. Fuloti inali K50,000, ndipo malonda olipidwa ndi kashi anali K642,300. Mlimi wina anabweza botolo la mankhwala n'kubwezeredwa K12,500, anyamata otsitsa matumba a feteleza analipidwa K8,000 kuchokera m'dirowa, ndipo masana munachotsamo K300,000 n'kukaika m'sefa kuti ndalama zisachuluke pakauntala. Mukaphatikiza fuloti ndi malonda, n'kuchotsapo zitatu zinazo, m'dirowa muyenera kukhala K371,800. Mwawerenga K369,800, ndiye kuti zashota ndi K2,000, ndipo m'buku mulembe chomwecho. Musamale kuti makina ena amaonetsa malonda a kashi atachotseratu zobweza, choncho onani bwino lipoti lanu kuti musachotse K12,500 ija kawiri. Muonenso kuti K8,000 ndi K300,000 zija makina sangazidziwe pokhapokha wina atazilowetsa pa batani la ndalama zotuluka, kapena ataika m'dirowa kapepala kosainidwa konena kuchuluka kwake, chifukwa chake ndi amene watenga. Kusemphana kwambiri m'masitolo ang'onoang'ono kumachokera pamenepa, ndipo nthawi zambiri dzanja limene linatenga popanda kulemba limakhala la mwini sitolo.

Malipoti amene makina amatulutsa alipo awiri ofunika pa ntchitoyi. Lipoti la X limaonetsa mmene malonda ayendera kufikira nthawi imeneyo, ndipo mungalisindikize nthawi iliyonse popanda kusintha kanthu. Lipoti la Z limatseka tsiku, n'kubwezera mawerengero kuti mawa ayambire pa ziro, ndipo lililonse limakhala ndi nambala yake yotsatana ndi ya dzulo. Amalonda amene analembetsa msonkho wa VAT amalidziwa kale lipoti la Z kuchokera pa makina a EFD, osindikiza malisiti a msonkho, amene bungwe la MRA linayamba kuwafuna mu 2014. Lipoti la Z lizisindikizidwa kamodzi patsiku, ndi inu kapena munthu mmodzi amene mwamusankha, ndipo nambala yake izilembedwa m'buku, chifukwa nambala ikadumpha ndiye kuti wina anatseka makina pakati pa tsiku n'kuyambiranso, ndipo malonda a nthawi imeneyo muyenera kuwafunsa.

Bukulo likhale lolimba, la masamba osathothoka, ndipo lizilembedwa ndi bolopeni. Pa mzere wa tsiku lililonse pakhale deti, dzina la wogulitsa, fuloti, ndalama zimene zawerengedwa, zimene makina akunena, kusiyana kwake ndi mawu akuti zashota kapena zapitirira, nambala ya lipoti la Z, ndi masiginecha a anthu awiri. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti nambala yakale izionekabe, n'kulemba yolondola pambali. Lipoti la Z mulimate pa tsamba lomwelo, koma musalidalire lokha, popeza pepala la makinawa limasindikizidwa ndi kutentha osati inki, ndipo limafufuta pakapita miyezi, makamaka likakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto. N'chifukwa chake nambala zake zikuluzikulu muzizikopera m'buku, kapena kulijambula ndi foni. Pomaliza patulani K50,000 ya fuloti ya mawa, ndipo K319,800 yotsalayo muiphatikize ndi K300,000 ya m'sefa. Pepala la dipoziti la ku banki lidzaonetse K619,800, ndipo nalonso limatidwe pamenepo.

Nanga K2,000 ija muifune kuti? Yambani ndi kutulutsa thireyi ya m'dirowa, chifukwa ndalama zimakonda kutsetserekera kunsi ndi kumbuyo kwake. Kenako onani ngati pali lisiti la mtengo wofanana ndi kusiyanako. Ngati kasitomala analipira K2,000 pa foni koma wogulitsa anadina batani la kashi, dirowa idzashota ndi K2,000 pamene foni idzapitirira ndi K2,000 yomweyo, ndipo palibe imene yasowa. Kusiyanako kukakhala kuwirikiza kawiri nambala ina ya tsikulo, ndiye kuti mwina mwaphatikiza chimene mumayenera kuchotsa. Kukakhala kogawika ndi 9 popanda chotsala, kaikirani kuti manambala anatembenuzidwa polemba, monga kulemba K5,400 m'malo mwa K4,500, zimene zimabweretsa kusiyana kwa K900. Zonsezi zikalephera, lembani kuti chifukwa sichinapezeke, musainire nonse awiri, mutseke.

Za mwana wa mlongo wanu, akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo n'zoona kuti mlandu wa m'bale ndi wovuta kuuweruza. Koma mmene zinthu zilili pakali pano mulibe mlandu uliwonse woti muweruze, chifukwa ndalama zimene zimashota lero n'kupitirira mawa zimaonetsa kusowa kwa dongosolo kuposa kuba. Monga malume ake, mukhale naye pansi, mumuuze kuti kuwerenga kumeneku kukuteteza dzina lake monga momwe kukutetezera chuma chanu, ndipo inuyo mukhale woyamba kusainira kapepala mukatenga ndalama m'dirowa. Pakatha mwezi bukulo lidzakuuzani zambiri kuposa zimene mungaganize usiku muli gone.

FUNSO: Alangizi, ndine kashiya m'sitolo ina yaikulu pa Dedza boma. Timagwira atatu pa dirowa imodzi, mosinthana, ndipo tonse timalowa m'makina ndi nambala yachinsinsi imodzi. Abwana ndi akazi awo amatenga ndalama masana osalemba. Madzulo amawerenga okha ife titaweruka, ndipo pakutha pa mwezi amatiuza kuti panali shoti, n'kutidula malipiro mofanana. Mwezi watha ndinadulidwa pafupifupi theka la malipiro anga. Sindinabepo ndalama, koma ndilibe njira yoonetsera zimenezi. Ndichite chiyani? (Mayi wa ku Dedza)

YANKHO: Mayi, kalata yanu yandikhudza, ndipo ndinene mosabisa kuti mmene sitoloyo ikuchitira palibe munthu, ngakhale abwana anu omwe, amene angadziwe kumene ndalama zikupita. Dirowa imene imalowa manja asanu ilibe mwini, ndipo shoti imene yawerengedwa inu kulibe singakhale umboni wokutsutsani. Munthu amayankha pa ndalama zimene anazilandira ataziwerenga, n'kuzisunga yekha, n'kuzipereka ataziwerenganso. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, kumudula malipiro ndi kumulanga pa chinthu chimene sanapatsidwe mphamvu yochisamala.

Chimene muyenera kupempha, ndipo ndi bwino mupemphe pamodzi ndi anzanu awiriwo m'kalata imene mudzasunge kope lake, ndi chakuti aliyense akhale ndi nambala yakeyake yolowera m'makina. Makina ambiri a POS amalola zimenezi, ndipo zikatero lisiti lililonse, kubweza katundu kulikonse, kufafaniza malonda kulikonse ngakhale kutsegula dirowa popanda kugulitsa kumalembedwa pa dzina la amene wachita. Chachiwiri ndi chakuti posinthana shifiti dirowa iziwerengedwa. Wotuluka ndi wolowa aime pamodzi, awerenge ndalama, woyang'anira asindikize lipoti la X, kusiyana kulembedwe pa dzina la wotulukayo, ndipo wolowayo ayambe ndi nambala imene waisainira yekha. Zimenezi sizichedwetsa malonda kwambiri, ndipo masitolo ena amagula thireyi yachiwiri ya ndalama kuti wolowa abwere ndi fuloti yake yowerengedwa kale pamene wotuluka akupita ndi yake kukawerengera kuseri. Ngakhale popita kukadya masana, muzituluka m'makina, ndipo nambala yanu musauze mnzanu ngakhale muli pa ubwenzi wotani.

Za abwana otenga ndalama, ndikudziwa kuti n'kovuta kwa wantchito kuuza mwini sitolo kuti asainire. Mungawafikire mwaulemu motere: "Bwana, kuti madzulo ndalama zidzakwane bwino, ndimapempha mundisainireko apa." Khalani ndi kabuku kakang'ono pambali pa makina, mulembe nokha nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, iwo angoikapo siginecha. Akakana, lembanibe, ndipo mnzanu amene anaona asainire ngati mboni. Mwini sitolo wanzeru adzaona kuti kabukuka kakumuthandiza iye yemwe, chifukwa shoti yogawidwa mofanana kwa anthu atatu imalanga osalakwa awiri n'kumulimbitsa mtima wolakwayo, ngati alipo.

Pa nkhani ya malipiro, lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 linaika malire pa zimene wolemba ntchito angadule pa malipiro a wantchito, ndipo limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Tengani kalata yanu yolembedwera ntchito ngati muli nayo, mapepala a malipiro, ndi zolemba zanu za miyezi imene munadulidwa, mupite ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu kuti akakuunikireni ndiponso ayitane mbali zonse ziwiri. Nkhani zimene zakanika kumeneko zimapita ku khoti la Industrial Relations Court. Musasainire pepala lovomereza shoti imene simunaone ikuwerengedwa, ndipo ngati mwakakamizika kusaina, lembani pambali pa siginecha yanu kuti simunalipo powerenga.

FUNSO: Alangizi, golosale yanga ili pa Lizulu. Ndimagulitsa pa makina a POS, komanso ndine ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ndalama zonse ndimaika m'dirowa imodzi. Tsiku la msika makasitomala ena a tsidya la msewu amabwera ndi ndalama za ku Mozambique. Madzulo sindidziwa kuti za golosale ndi ziti, za ejenti ndi ziti. Kodi pali njira yowerengera zonsezi pamodzi? (Bambo wa pa Lizulu)

YANKHO: Bambo, njira yowerengera pamodzi ilipo pa pepala, koma sindingakulangizeni kuti muitsate, chifukwa tsiku la msika pa Lizulu, ogula kabichi, tomato ndi kachewere atadzaza msewu wa M1, simungakhale ndi nthawi yolemba ndalama iliyonse imene yadutsa. Muli ndi mabizinesi awiri, ndipo aliyense ayenera kukhala ndi posungira pake ndi buku lake. Dirowa ya makina ikhale ya golosale yokha, ndipo za ejenti zikhale m'bokosi lina lokhoma.

Za ejenti zili ndi kawerengedwe kake kosavuta. Munthu akabwera kudzaika K20,000 mu foni mwake, kashi ya m'bokosi imakwera ndi K20,000 pamene fuloti ya pa foni yanu, ndiko kuti ndalama za ejenti zimene zili mu foniyo, imatsika ndi K20,000, ndipo akabwera kudzatapa zimachitika mosemphanitsa. Choncho kashi ya m'bokosi mukaiphatikiza ndi fuloti ya pa mafoni onse awiri, nambala yake madzulo iyenera kufanana ndi ya m'mawa, kupatula komishoni imene kampani yakulipirani ndi ndalama zimene mwaonjezera kapena kuchotsa nokha. Bokosi likauma masana n'kufuna kubwereka ku golosale, chitani ngati mukubwereka kwa munthu wina: lowetsani m'makina kuti ndalama zatuluka, ikani kapepala m'dirowa, ndipo pobweza mulowetsenso.

Makasitomala a golosale amene amalipira pa foni ndi nkhani ina, ndipo asasakanikirane ndi za ejenti. Ndalama zawo zizipita ku nambala yamalonda ya golosale, osati ya ejenti kapena yanu ya kunyumba, ndipo pa makina muzidina batani la malipiro a pa foni. Madzulo nambala imene lipoti la Z likuonetsa pa malipiro a pa foni muiyerekeze ndi zimene zalowadi pa nambalayo, malipiro amodziamodzi. Chimodzimodzi ndi makhadi a ku banki, ngati muli ndi kamakina kake: timalisiti take tisungidwe paokha, ndipo tiyerekezedwe ndi lipoti la kamakinako. Katundu asatuluke chifukwa choti kasitomala wakuonetsani uthenga pa foni yake, popeza mauthenga abodza alipo. Onani pa foni yanu kuti ndalama zalowa, ndipo netiweki ikachedwa, katunduyo adikire.

Za ndalama za ku Mozambique, dziwani kuti ndalama yovomerezeka pa malonda m'Malawi muno ndi kwacha, ndipo kusintha ndalama zakunja kuli ndi malamulo ake amene Reserve Bank of Malawi imayang'anira. Kupatula apo, makina anu amawerenga makwacha, ndipo mtengo wosinthira umasinthasintha, moti metikashi imene mwailandira m'mawa pa mtengo wina singakupatseni nambala yomweyo madzulo. Langizo langa ndi lakuti m'dirowa muzilowa makwacha okhaokha, ndipo makasitomala anuwo muwapemphe kuti azibwera atasintha kale.

FUNSO: Magetsi akazima makina anga amazimanso, ndipo timagulitsa popanda kulowetsa. Madzulo ndalama zimapitirira kwambiri. Nditani? (Mayi wa pa Linthipe)

YANKHO: Mayi, sungani pakauntala buku la malisiti la manambala otsatana ndiponso la kaboni. Magetsi akazima, malonda alionse alembedwe mmenemo nthawi yomweyo, ndi dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo, kasitomala atenge pepala lapamwamba, lapansi litsale. Magetsi akayaka, malisiti onsewo alowetsedwe m'makina lipoti la Z lisanasindikizidwe, ndipo lililonse lidulidwe mzere kusonyeza kuti lalowa, kuopa kulilowetsa kawiri. Mukapanda kutero si ndalama zokha zimene zimasokonekera, komanso sitoko, chifukwa makina amapitiriza kuonetsa katundu amene anatuluka kale. Dirowa imatseguka ikalandira chizindikiro kuchokera ku chosindikizira malisiti, ndipo magetsi akazima imatsegulidwa ndi kiyi. Kiyi ameneyu akhale ndi munthu mmodzi, asasiyidwe pa loko tsiku lonse, chifukwa kutsegula ndi kiyi makina ambiri sakulemba. Ngati magetsi sanayake kufikira potseka, werenganibe ndalama, muziyerekeze ndi malisiti a m'buku pamodzi ndi zimene zinalowa magetsi asanazime, ndipo mawa lake mutseke tsiku lakale musanayambe latsopano. Mukapeza mpata, gulani batire ya UPS kapena ya sola imene ingasunge makina kwa kanthawi.

FUNSO: Chenji chikasowa timapereka maswiti kapena machesi, ndipo madzulo ndalama zimapitirira ndi K100 kapena K250. Kodi tindalama totere n'toyenera kulemba? (Mnyamata wogulitsa pa Tsangano)

YANKHO: Achimwene, lembani, ndipo mwachita bwino kufunsa. Ndalama yopitirira si phindu, chifukwa imasonyeza kuti kasitomala wina sanalandire chenji chake chonse, kapena katundu wina watuluka osalowa m'makina. Siwiti kapena bokosi la machesi limene mwapereka m'malo mwa chenji ndi malonda, ndipo ngati kasitomala wavomera kulandira, lilowetseni m'makina monga katundu wina aliyense. Mukatero dirowa idzakwana, nayonso sitoko idzakwana. Amene sakufuna maswiti ali ndi ufulu wolandira ndalama yake, choncho pokakonza fuloti ku banki muzipempha ma K100 ndi ma K50 okwanira sabata yonse. Abwana anu angathe kuika malire a kusiyana kumene sangakufunseni nako mafunso, monga K200, koma malirewo sachotsa udindo wolemba. Zopitirirazo zipite ku banki pamodzi ndi malonda a tsikulo, musazisunge m'kachitini kuti mudzakwiririre shoti ya tsiku lina, ndipo pakutha pa mwezi zoshota ziwonkhetsedwe paokha, zopitirira paokha, popeza K3,000 yoshota Lolemba ndi K3,000 yopitirira Lachinayi ndi zolakwika ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse chiyenera kufufuzidwa pa malisiti a tsiku lake.